Msewu wa Malume a Mulipa

Tsiku limene malume anga a Mulipa anatulukira pakhomo pano, khasu paphewa, mapazi atayera ndi fumbi la m'nyanja youma, achemwali anga a Elube anali pompano kudzapempha chimanga. Atangowaona, anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Felesiya, ndimvere. Ukawayalira mphasa amenewa, wa ku Chisi aliyense sadzapondanso pabwalo pako. Udzadwala wekha, ndipo ukadzafa udzadziika wekha."

Mphasa ndinayala. Musandiyamikire, sunali mtima wabwino. Ndinali mlendo m'mudzi wa amuna anga kuno kwa Kuntumanji, ndipo ndinaopa kuti anthu adzati mkazi wa kuchilumba uja anapirikitsa mlongo wa mayi ake. Achemwali anasenza chimanga chawo napita, ndipo mawu awo anawasunga. Ana amene anali kumsana chaka chimenecho lero ali ndi awoawo, koma wachibale wa kwathu wodzandifunsa kuti ndadzuka bwanji sindinamuonepo.

Malumewo tinawaika chaka chino, mvula itangoleka. Ndati ndilembe za iwo chifukwa kudoko kuno mukadali anthu amene amati ndiwo anatentha mudzi wathu. Moto uja sanayatse ndiwo. Chimene anachita ndinena, ndipo sichikutikongoletsa, iwo ndi ife tomwe.

Kwa inu amene simunawolokepo: mukaima padoko m'mawa, Chisi mumachiona ngati mapiri amene wina anawaiwala pakati pa madzi. Mapiriwo ndi amiyala ndi udzu wautali, ndipo midzi imakhala m'munsi mwake, pakamtunda kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja. Mudzi wathu unkatchedwa Pamlambe. Kumtunda kwake kunali phiri, kumunsi kunali njedza, udzu wa m'madzi uja wotalika kuposa munthu, ndipo kuseri kwa njedza ndiye kunali madzi oyera. Tinalipo angati sindikudziwa. Cha kutchalitchi tinkakhala ife amene agogo athu anachokera kum'mawa ndi makasu, cha kumzikiti kunkakhala Asilamu, eni maboti ndi malonda. Nyengo ya matemba mudzi unkasanduka tauni: a njinga ndi madengu ochokera ku Zomba, matiyirumu, golosale, telala pakhonde, ndi mathandala oyanikapo nsomba kuyambira kumzikiti mpaka kumanda. Nyumba zinali zofolera udzu, zoyandikana kwambiri moti munthu unkamva mnzako akutsokomola.

Mudzi wotere umaopa moto, ndipo woopa moto m'malo mwa tonse anali a Mulipa. Sanali mfumu, sanali wa chipani. Ntchitoyo anaitola kwa malume awo ngati mmene munthu amatolera khasu losiyidwa. Anali wamfupi, wa akatumba m'miyendo, nsidze imodzi yopanda tsitsi chifukwa inawauka ali mnyamata. M'mawa uliwonse, asanasukusule, ankatapa fumbi n'kulimwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera. Kenako ankazungulira kuseri kwa nyumba za anthu, akupisa dzanja m'milu ya phulusa. Akapeza khala lamoyo ankalinyamula pa phale n'kukaliika pakhomo pa mwini wake.

"Mayi, mwana wanu uyu ndamupeza akusewera kuseri."

Azimayi ankawada nazo. Amayi anga, mlongo wawo weniweni, anakhala mwezi osawalankhula chifukwa anawagwetsera mulu wa nkhuni umene anautsamiritsa kukhoma. Osaka mbewa akawaona ankabisa machesi m'kamwa mwa thumba.

Udzu ukayamba kufiira ankaimba chitsulo chimene chinapachikidwa pa mlambe, ndipo mudzi wonse unkatuluka ndi makasu kukalambula mzere m'munsi mwa phiri. Unali wotakata moti ngolo ikanadutsamo. Unkayambira m'madzi kumpoto kwa mudzi, n'kukhota kumtunda kwa nyumba zonse, n'kukatsikira m'madzi kummwera. Tinkautcha msewu wa a Mulipa. Mwini wake ankakonda kunena kuti mudzi wathu uli ndi khomo limodzi lokha lolowera moto, la kuphiri, chifukwa kumunsi Mulungu anatseka kale ndi nyanja. Ananena zimenezi kambirimbiri moti ana ankawayeserera.

Ndipo moto ukatsika kuphiri, monga unkachitira zaka zambiri, aliyense ankadziwa pake. Chitsulo chikalira mothamanga, amuna ankathamangira kumzere ndi nthambi zaziwisi. Ife akazi tinkanyamula mbewu, mabulangete, maukonde, ndi anthu osatha kuyenda, n'kukaika m'mabwato, n'kuwakankhira m'njedza mmene madzi ankalekeza m'chiuno. Moto ukazima tinkatulutsa zonse, tikuseka, titanyowa. Chibadwire changa nyumba inali isanapsepo ndi moto wa kuphiri.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankawatsutsa poyera, Che Amadu, mwini maboti wa cha kumzikiti. Awiriwa ankakumana pa bawo pansi pa mlambe dzuwa likapendeka, ndipo amene sankawadziwa akanathamanga kukawaleretsa.

"Wodya mbewa iwe, taya msanga! Ukuwerenga ngati ukuwerengera mkazi wako mazira."

"Ndidikire. Iwe dzanja lako lili ndi thumba m'kati, ndikuliona."

"Thumba? Fumbi lako lija lakuuzanso zimenezo? Dzulo unati kubwera mwera, ine ndinaimika maboti, nyanja inagona ngati mphasa."

"Unabwera usiku, iwe uli mkonono."

Ankatero mpaka muazini ataitana. Che Amadu ankadzuka kupita kukaswali, malume n'kutsala akulondera bawolo kuti wina asakhudze, ndipo akabwerera ankayambiranso kukangana kuti wakhudza ndani. Madzulo mbale ya mlamba inkachoka kwa Che Amadu kupita kwa malume, popeza akazi awo anali atamwalira ndipo ana awo anali ku Joni. Wophika anali Abiti Juma, mkazi wa Che Amadu. Miyendo yake inafa atadwala nthenda ina, koma pakamwa panali pamoyo. Ankakhala pakhonde ndi beseni la zitumbuwa, ndipo palibe ankadutsa osalandira lake.

"A Mulipa, bwerani mudzapise dzanja m'mbaula mwangamu, mwina muli mwana wosochera!"

Malume amene anakhala pano zaka zonsezi sanali amenewo. Ana anga sanawamvepo akuseka mokweza. Ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa khitchini, akusoka maukonde a asodzi a kuno, msana atalozetsa kunyanja. Mthunzi ukasuntha ankasuntha nawo, koma nkhope sinatembenukirepo kum'mawa. Bawo sanaligwirenso. Machesi sanawagwirenso, ndikachokapo ankadya chimanga chokazinga cha dzulo kapena kugona ndi njala. Kudoko sankapita, chifukwa tsiku lina atapita anyamata ena anayamba kufuula kuti bisani maukonde, kwabwera moto. Ine ndinalipo. Ndinayang'ana m'dengu ngati sindikuwadziwa.

Chimodzi chokha sanasiye. Udzu ukafiira ankatenga khasu lija n'kulambula mzere kuzungulira nyumba yanga, nkhokwe ndi khola lomwe. Akamaliza ankayenda m'mzeremo kuzungulira, n'kubwereza, kenako ankandiitana.

"Felesiya, tabwera udzaone. Wakumana?"

"Wakumana, malume."

"Yang'anitsitsa. Usandiyankhe chifukwa ndine wamkulu."

Amuna anga, akadali moyo, ankati akuluwa mutu unasokonekera. Ine ndinkadziwa chimene ankafunsa.

Chaka chimene nyanja inaphwa, achikulire mukuchikumbuka. Madzi anayamba kuthawa pang'onopang'ono, kenako anangopita. Nsomba zinafera m'matope, fungo linatikhala m'zovala. A njinga anasiya kubwera, matiyirumu anatseka. Pansi pa nyanja panang'ambika ming'alu yolowa phazi, ndipo anthu tinayamba kupita kumtunda wapansi. Mabwato anatsala pamene madzi anawasiya, m'kati mwa njedza, ndipo njedzayo inauma mpaka kumalira ngati mapepala mphepo ikawomba. Zonsezi tinkaziona tsiku ndi tsiku. Tinkadutsa m'njedza momwemo popita kukakumba zitsime.

Chaka chimenechonso chitsulo chinalira, ndipo tinalambula msewu wa a Mulipa bwino lomwe, kuposa zaka zonse, popeza panalibe nsomba zotitangwanitsa. Tinayambira kumpoto pa mwala umene tinkayambira nthawi zonse, tinakalekera kummwera pa chitsa chimene tinkalekera nthawi zonse. Pamwalapo ndi pachitsapo kale madzi ankanyambita. Tsopano panali udzu wouma wopitirira mpaka m'njedza. Tinapukuta thukuta n'kubwerera kunyumba.

Moto unabwera masana, kutentha kwa mwezi wa mvula isanagwe. Anauyatsa ndani kuseri kwa phiri, palibe akudziwa mpaka lero, ndipo amene amati akudziwa ndi abodza. Tinangoona utsi, kenako akabawi akuzungulira pamwamba, kenako chitsulo chinalira mothamanga. Malume anali pansi pa mlambe akufuula mawu omwe aja a chaka ndi chaka.

"Amuna kumzere! Amayi, katundu kumabwato!"

Ndipo tinathamanga. Ndikanakonda kulemba kuti wina anaima n'kufunsa, koma miyendo inkadziwa njira yake. Ine ndinasenza dengu la mbewu ya mpunga ndi mabulangete. Achemwali anasenza makina osokera a amuna awo. Tinaponda ming'alu, tinapatula njedza youma ndi manja, tinaika zonse m'mabwato okhala pa dothi. Che Amadu anabwera atabereka Abiti Juma kumsana, namukhazika m'bwato lalikulu pamwamba pa maukonde. Mayiyo anayang'ana pansi, nayang'ana ife.

"Nanga bwato lopanda madzi ndipalasa ndi chiyani, anthu inu?"

Tinaseka. Ndithu tinaseka, Che Amadu naye anaseka, nati akhale pompo asathawe ndi maukonde ake. Kenako iye anathamangira kumzere, ife tinathamangira kukatenga zina.

Kumzere amuna anaugwira moto. Unafika pa dothi lolambula n'kugwada, monga unkachitira. Ena anali atayamba kale kutsamira nthambi zawo. Koma kummwera, pa chitsa paja, unangoyenda m'mbali mwa mzere mpaka pamene mzere unathera, n'kukhota. Utalowa m'njedza sunalinso moto umene tinkaudziwa. Unalira ngati galimoto zambiri pamodzi, unatalika kuposa mlambe, ndipo mphepo inautembenuzira kumudzi. Unadya mabwato, unakwera pa mathandala, kuchoka apo unalowa m'madenga, nyumba kupatsira inzake. Amuna anatembenuka n'kuona kuti ali pakati, mudzi ukuyaka kumbuyo kwawo. Tinapulumukira pa msewu wa a Mulipa womwewo, titaunjikana pa dothi loyera, ana akulira, mbuzi zikutiponda.

Okalamba ena amene tinawaika m'mabwato anali ndi miyendo, anatulukira mbali ya kunyanja n'kuthawira pa dothi louma. Abiti Juma analibe. Che Amadu anamugwira amuna anayi kuti asalowe m'motomo.

Dzuwa lisanalowe Pamlambe panali patatha. Panatsala makoma akuda, mafuwa, mutu wa makina osokera, ndi mlambe wowauka mbali imodzi. Tchalitchi ndi mzikiti zinapsa mofanana. Mbewu, maukonde, mabwato, zonse zimene zikanatidzutsa madzi atabwerera, tinazisonkhanitsa tokha pamalo amodzi kuti zipse bwino. Ngakhale makadi a chipani anapsera m'mabulangete, moti kwa nthawi ndithu tinkaopa kuyandikira pachipata cha msika.

Patapita masiku kunabwera akuluakulu ochokera kuboma, natikhazika pa phulusa. Zina za tsiku limenelo sindilemba, pepala limayenda. Anafunsa amene anayatsa moto, tinati sitikudziwa. Ndiye anafunsa kuti ndani anauza anthu kuika katundu ndi munthu wolumala m'udzu wouma. Aliyense ankayang'ana zala zakumapazi, ndipo masiku amenewo funso likafunsidwa kawiri linkanyamula munthu. Malume anaimirira.

"Ndine, bwana. Chitsulo ndinaimba ndine, mawu ndinanena ndine."

Akuluakulu aja anagwedeza mitu, wina anati ukalamba ndi umbuli, ndipo anapita osawatenga. Koma ndinamva mmene mudzi wonse unapumira. Kuyambira tsiku limenelo tinali ndi poika mlandu. Palibe anawapirikitsa malume, musamve zabodza. Kungoti podula mitengo yomangira sanawaitane. Moni anayamba kuwadutsa. Mbale ya madzulo inalibenso woiphika, ndipo wina sanalowe m'malo. Ine ndi amuna anga tinawolokera kuno chifukwa cha njala, ndipo mwezi usanathe iwo anatitsatira wapansi, ndi khasu lija.

Pempho anali nalo limodzi. Chaka chilichonse akamaliza kulambula, nditavomera kuti mzere wakumana, ankatsamira khasu n'kunena kuti ndidzakawaike ku Pamlambe, pafupi ndi amayi awo ndi mlongo wawo. Ankati munthu wogona pakati pa alendo sadziwa woti amudzutse. Ndinkangoti chabwino kuti nkhani ithe. Atadwala chifuwa chomaliza anandigwira dzanja nabwerezanso, ndipo anandiuza kuti ndisawayankhe chifukwa ndi wamkulu. Ndinalonjeza, mumtima ndikudziwa kuti kwathu sakalola.

Atatsirizika ndinatuma uthenga kwa achemwali kudzera mwa wogula nsomba wina. Yankho linabwera tsiku lomwelo: kumanda kwadzaza. Manda a Pamlambe, okhala m'mbali mwa phiri lonse lija, akuti adzaza. Abale a amuna anga anandimvera chisoni nati m'mawa akumba konkuno, kumapeto kwa manda awo.

M'mawa, okumba atanyamula kale makasu, panjira ya kudoko panatulukira nkhalamba ya kofiya yoyera, ndodo m'manja, amuna anayi pambuyo. Ndinaizindikira ndi kayendedwe. Inaima pakati pa bwalo, pamaso pa anamfedwa onse.

"Odi pano! Wodya mbewa uja ali kuti?"

Nyimbo inaduka. Ndinatuluka, ndinagwada patali.

"Ali m'nyumbamu, Che Amadu. Mwadzatani?"

"Ndadzamutenga. Ndamva kuti akufuna kwawo."

"Akwathu akana. Akuti kwadzaza."

"Ndapitako dzulo, ndaona malo okwana mudzi wonse ndi mbuzi zomwe. Kwa eni dziko ndapempha kale. Akwanuwo ali ndi boti? Boti ndi langa."

Sindinawakhulupirire. Munthu amene mkazi wake anapsa, wakhala chete zaka zonsezi, lero adzatenge mtembo wa amene anaimba chitsulo? Ndinaganiza za pakati pa nyanja pamene palibe mboni. Koma lonjezo linali litandikhala pakhosi, ndipo njira ina panalibe. Ndinatenga chingwe cha mbuzi, ndinamanga bokosi, mbali inayo ndinaikulunga padzanja langa, ndipo m'botimo ndinakhala chotsamira bokosilo, maso ali pa manja a opalasa. Anali akamwini ndi adzukulu a Che Amadu. Mwini wake anakhala moyang'anana nane.

"Mayi, chingwecho n'cha chiyani? Mukuopa kuti athawa? Uyu sanafulumirepo moyo wake wonse. Pa bawo ankatha tsiku akuwerenga."

Opalasa anaseka chamumtima.

Titayandikira chilumba tinalowa m'njedza, yobiriwira, madzi akuya, mbalame zikuuluka ngati palibe chinachitikapo. Che Amadu anakweza ndodo kuti boti liime. Ndinakoka chingwe changa.

"Panali apa," anatero.

Boti linaima, likugwedera.

"Mkazi wanga ndinamubereka kumsana ndine, mayi. Anandifunsa kuti apalasa ndi chiyani. Inu munalipo, munamva. Mapazi anga ankaponda ming'alu, njedza inkandicheka m'manja, youma. Mulipa anaimba chitsulo, inde. Koma maso ndinali nawo."

"Nanga tsiku la msonkhano lija bwanji simunanene?"

"Inu bwanji simunanene?"

Ndinayang'ana m'madzi. Kenako ndinafunsa kuti nanga zaka zonsezi, doko lili pomwepa, bwanji sanabwere kudzawaona ali moyo.

"Ndikanabwera akanandigwadira kupepesa. Ine ndikanayang'ana kuti?"

Anatsitsa ndodo, boti linayenda. Chingwe ndinachimasula ndekha tisanafike kumtunda, ndipo ndinachibisa m'chitenje.

Pamlambe anamanganso, nyumba zina zamalata. Koma njira yonse yochokera padoko mpaka kumanda, zitseko za abale anga zinali zotseka. Bokosi la Mkhristu linanyamulidwa ndi Asilamu, ndipo manda anakumba ndiwo, pafupi ndi amayi anga, pamene ndinawalozera. Dzenje litafika m'chiuno ndi pamene mkulu wina wa mpingo anabwera chothamanga ndi buku la nyimbo, amayi awiri pambuyo, nkhope zili pansi. Tinaimba anthu anayi. Achemwali ndinawaona. Anaima pansi pa mlambe ndi khasu ngati akupita kumunda, atakalamba ngati ine. Sanayandikire, ndipo ine sindinawaitane.

Che Amadu anadikira kunja kwa manda mpaka titamaliza mapemphero athu. Kenako anabwera, natsamira ndodo pa mtumbira.

"Wafika kwanu tsopano, gona. Koma bawo lija sunandipambane. Usakanamize anthu kumeneko."

Pobwerera kudoko ndinaona chimene sindinachione popita. Mzere wolambula ukadalipo, ndipo tsopano sulekera pa mwala kapena pa chitsa. Umadutsanso kumunsi, pakati pa mathandala ndi njedza, ngakhale madzi ali tho, n'kukakumana ndi unzake. Ndinafunsa mayi wina wachitsikana amene ankayanika matemba kuti njira imeneyi imapita kuti. Anati siipita kulikonse, ndi msewu wa a Mulipa. Ndinamufunsa kuti a Mulipawo ndani. Anati kaya, ndi dzina chabe.

Kuno pansi pa bwemba pakadali dothi losalala pamene ankakhala, ndi msomali umene ankakolekapo ukonde. Nkhuku zayamba kusambapo fumbi. Khasu lili pakhonde, mpini wake unapindika potsata dzanja lawo moti wina sangaugwire bwino. Ndikakhala pamalopo ndimapezeka kuti nanenso ndalozetsa msana kunyanja.

Udzu wafiira. Wafika kale kukhoma la nkhokwe, ndipo chaka chino palibe wandiitana kuti ndikaone ngati wakumana. Ndinayesa kulambula ndekha, ndinalekera pa khola, msana unakana. Ana anga ali kutali, zidzukulu zili ku Songani pa malonda, zimabwera zikafuna nkhuku. Anthu a mudzi uno si oipa, koma osaka mbewa ndawaona kale kudambo ndi machesi.

Ndiye inu a ku Chisi amene mumadutsa njira ya kudoko ndi madengu anu, nyumba ndi ya bwemba ija, kumanzere mukamakwera. Amene munkamupewa uja kulibenso, munamva. Mukapatuke. Muyambe mwaodira muli panjira, munene kuti ndinu mwana wa yani, chifukwa sinditsegulira munthu wosamudziwa. Za kale sindikufunsani, nanunso musandifunse. Ndipo wina akawauze achemwali anga a Elube kuti kudwala ndekha ndadwala, monga ananenera. Kwatsalaku ndi kudziika ndekha, ndipo kumeneko sindikudziwa kuti ndidzayambira pati.